Tenti ya Agogo Anu ndi Chikho cha Esinati

Ndinali kudimba ndikuthirira mpiru, matope mpaka m'zigongono, pamene Feliya mng'ono wanga anatulukira akuthamanga, mpango uli kumanja. Anayamba kukuwa adakali kutsidya kwa khwawa: "Achemwali! Achemwali inu! Alamu atsika sitima pa Lirangwe! Anthu awaona, avala chipewa!"

Mayo ine, ana inu! Mtsuko ndinausiya uli chigonere pakati pa mpiru. Ndinathamanga ndikuimba, ndikuimba ndikuthamanga:

Abwera, abwera, eni nyumba abwera,
udzu wa padenga dzuka, eni ako abwera!

Usaseke, iwe Chisomo. Nthawi imeneyo ndinali ndi miyendo, osati nkhuni ndili nazozi. Ndipo manja asaime, nandoloyo sadzisenda yekha.

Zinali zaka za Chitaganya, pamene dziko lathu analimanga mtolo umodzi ndi maiko ena awiri aja, amuna a m'mudzi muno akuthera ku Halale ngati madzi olowa mumchenga. Agogo anu aamuna, a Lifeyo, anachoka Yohane ali wamng'ono, Esinati mchombo utangogwa kumene. Inde, Esinati azakhali anu omwewa, amene lero amapita wapansi kumsika wa ku Chileka n'kubwerako dzuwa lisanapendeke, inu mudakali pamsewu kudikira kabaza. Esinati ameneyo anatha mvula zitatu osayenda. Ankangokhwekhwereza matako pabwalo, timiyendo tili ngati mapesi. Ukamuimika, mawondo ankapindika, phwa! pansi.

Apongozi anga a kwa Kuntaja sanasunge pakamwa. Ankabwera, kumuyang'ana mwanayo, n'kuyang'ana ine. "Kwathu ana amayenda asanamalize kumera mano. Uyu china chake chinamudutsa. Mwamuna ali kutali, mkazi ali kuno, ife tidziwa bwanji?" Aang'ononu zimenezi mudzazimva mukadzakula. Akuluakulunu mwamva kale: ankati ndinapotoza mwendo kupita kwa mwamuna wina mwini nyumba ali kuulendo, n'chifukwa chake mwana sakuyenda. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali atagwirizana kuti mwini wake akangofika, tikhale pansi. Zikanandigwera, ukwati ukanathera pomwepo, dzina langa likananunkha kuchitsime, kuchigayo, mpaka pabenchi la kutchalitchi.

Ndiye mwaona chimene ndinkathamangira. Ndinkati wabwera wondiyankhira. Ndinkati mawa tinyamula mwana, ulendo kuchipatala cha mishoni.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, chipewa chili pamutu, pambali pawo pali chimtolo chachikulu chobiriwira chimene anachita kunyamulitsa anthu awiri kuchokera kusiteshoni. Mtima wanga unati makina osokera! Unatinso mabulangete! Madzulo anthu atabalalika, anamasula. Chinsalu cholimba ngati chikopa, zingwe, ndi tizikhomo tachitsulo.

"Ichi n'chiyani, bambo a Yohane?"

"Nyumba."

"Nyumba tili nayo. Ikudontha, koma tili nayo."

"Iyi ndi yoyenda nayo, amake Yohane. Tenti. Wandipatsa mzungu amene ndinkamuphikira. Iwo aja akatopa amatenga ana, amatenga bwato, ulendo kunyanja kukagona panja."

"Anawathamangitsa kwawo?"

"Ayi."

"Kunali maliro?"

"Ayi, kungopitidwa mphepo basi."

"Kuno mphepo yatha?"

Anali akupukuta tizikhomo tawo kamodzikamodzi ndi kansalu, ngati akusambitsa khanda. Za Esinati anangoti, "Tiona." Za amayi awo anangoti, "Tiona." Koma za kunyanja anati tinyamuke sabata lomwelo, tipite ku Chilwa, kwa atsibweni awo amene anali ndi bwato ku Kachulu.

Ndinakana, ndinakana, ndinakananso. Amayi anga ondibala ndiwo anandigwira padzanja kuseri kwa nkhokwe. "Mwana iwe, pita. Ankhoswe ati akhala mwezi winawo ukaoneka. Ukakana lero, apongozi ako ati ukuopa kutsala awiri ndi mwamuna wako." Ndinayamba kumanga katundu.

Inu mukati ulendo, mumatenga foni ndi kachikwama. Ine ndinamanga ufa, mchere, mphika wadothi, mthiko, mphasa, mbatata, chigumu chokulunga m'masamba a nthochi, ndi nkhuni, chifukwa ndinafunsa kuti kodi pamadzi pamamera mitengo? Zonsezo mudengu, dengu pamutu, Esinati kumsana. Agogo anu ananyamula tenti ndi chipewa. Esinati naye anali ndi katundu wake: kachikho kakang'ono kamene bambo anga anamusemera, kosalala chifukwa chogwiridwa usana ndi usiku. Ankamwera momwemo, ankagona nako, ankakalankhula. Munthu wina akangokakhudza, kulira kwake kunkamveka mpaka kubwalo la ndege. Kumbukirani kachikho kameneka.

Tinakwera sitima pa Lirangwe mpaka ku Limbe, mabenchi a matabwa, utsi wa malasha ukulowa m'maso. Yohane anatulutsa mutu pazenera, kamalasha n'kumugwera m'diso, analira mpaka pa Lunzu. Ku Limbe basi ya ku Zomba. Ku Zomba lole ya ogula matemba, ife pamwamba pa madengu onunkha, fumbi likutiphimba mpaka tinafika tonse ofiira ngati mbatata. Inali nyengo yozizira, titakolola kale. Anzanga akupuma pakhomo, ine ndikuswedwa msana kuti ndikapitidwe mphepo!

Atsibweni awo, a Namakhwa, anali nkhalamba yaifupi ya mano awiri. Makolo awo anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndiye iwo ndi agogo anu ankayankhulana Chilomwe, ine ndikungotola apa ndi apo. Anatilandira ndi kalongonda, nyemba zija zophika tsiku lonse n'kumataya madzi, zimene inu mumati zimanunkha. Atamva za ulendo wathu, anandiyang'ana ine ndi chisoni, n'kunena m'Chinyanja kuti ndimve: "Ndikuperekezeni ine. Bwatoli ndimalidziwa."

Agogo anu anagwedeza chipewa. "Ayi, atsibweni. Ku Halale ndinkaona mmene amachitira."

Ankaona! Ine ndaona ndege zikutera pa Chileka moyo wanga wonse, mwandionapo ndikuyendetsa?

Bwatolo linali mtengo umodzi wogoba, kukamwa kwake kopapatiza. Kuti ndilowe ndinachita kupendeka cham'mbali, n'kukhala pansi penipeni m'timadzi tonunkha nsomba, dengu pamiyendo, ana awiri pakati pa mawondo. Nyanja ya Chilwa si yakuya, sapalasa ndi nkhafi, amakankha ndi nsungwi yaitali imene imafika pansi pamatope. A Namakhwa anatiuza kuti ng'ona mbali imeneyo kulibe, n'kutikankhira m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wa m'madzi wautali kuposa munthu.

Ana inu, bwato linazungulira. Linazungulira kumanja, linazungulira kumanzere, linabwerera kukapereka moni kwa a Namakhwa. Asodzi amene ankakonza maukonde anasiya ntchito. Mmodzi anakuwa, "Achimwene, mukupita kapena mukubwera?" Wina, "Mayi, gwirani ana, awo musawadandaule, chipewa chiwayandamitsa!" Titalowa mkati pang'ono nsungwi inakanirira m'matope. Munthu wanzeru akanaisiya. Agogo anu anaigwiritsa, bwato linapitirira, iwo anatsala akulendewera ngati nyani pamtengo, kenako phava! Anadzuka madzi akulekeza m'chiuno, matope kumaso, dzanja limodzi lili pachipewa. Yohane anaseka mpaka anatsamwa. Ine sindinaseke. Ndinaimba chapansipansi:

Ndinalakwanji ine, nyumba ndili nayo,
ndinalakwanji ine, mphasa ndili nayo.

Dzuwa litapendeka tinatulukira pamalo pamene njedza zinali zogona, zoponderezedwa bwinobwino, kukula kwake ngati bwalo lathuli. Pakati panali dothi louma ndi phulusa la moto wakale. Agogo anu anasangalala. "Mwaona? Chilumba! Anthu amagona pano."

Ndinatsika. Pansi panali pofewa, ndikaponda apa, apo pankatukuka.

"Bambo a Yohane, pansi pano pakupuma."

"Ndi mutu wanuwo, udakali m'bwato."

"Nanga nyerere zili kuti? Malo opanda nyerere ndi malo anji?"

"Mwabwera kudzafuna nyerere?"

Iwo anatenga nsungwi ija, n'kuizika m'matope cha patali pang'ono, n'kumangirira bwato mmene timamangira mbuzi pachikhomo kuti idye msipu. Mfundo zitatu, kukoka, kuyesa, kuwonjezera ina. "Ili silithawa," anatero. Zoonadi, silinathawe.

Kuimika tenti kunatitengera mpaka mbalame zitayamba kubwerera kogona. Tizikhomo tinkangolowa osagwira kanthu. Akakoka mbali iyi, mbali iyo inkagwa. Ine ndagwira mzati, Yohane wakodwa m'zingwe, Esinati wakhala pamphasa akumenya kachikho kake, udzudzu wayamba kutiimbira. Udzudzu wa ku Chilwa, ana inu, si uwu wa kuno wopempha. Uja umabwera ndi abale ake onse. Pomaliza nyumba yoyenda nayo inaima chopendeka ngati nkhuku yodwala chitopa. Ndinakoleza moto pa phulusa lija, tinaotcha mbatata, tinadya chigumu.

Ana atagona, agogo anu anayang'ana Esinati nthawi yaitali, n'kunena chapansi, "Zimene akunena amayi zija, ine sindizikhulupirira."

Ine ndinati, "Ndiye mukawauze."

"Aa, amayi ndi amayi. Tiona."

Ndinatembenukira kukhoma, ngati nsalu ndi khoma. Mawu okoma onenera pakati pa nyanja, pomwe akumva ndi achule okha, andithandiza chiyani pamaso pa ankhoswe?

Usiku kunaomba mwera. Ine ndinangomva ngati wina akundiyendetsa kumsana, n'kugona tulo tokoma kuposa masiku onse. Kutacha ndinatuluka kuti ndikoleze moto. Ndinayang'ana kutsogolo: phiri la Chisi limene dzulo linali pakhomo pa tenti, kulibe. Ndinatembenuka: lili kumbuyo. Ndinayang'ana pamene panali bwato: madzi okhaokha.

"Bambo a Yohane! Dzukani! Phiri lasamuka!"

Anatuluka akutikita m'maso. Anayang'ana, anayang'ana. Yohane ndiye analoza: kutali uko, kakang'ono ngati chala, bwato lili phee pa nsungwi yake, mfundo zonse zili bwinobwino. Mbuzi inatsala pachikhomo, ana inu. Munda ndi umene unathawa!

Pambuyo pake a Namakhwa anatiuza, akupukuta misozi ya kuseka, kuti chija sichinali chilumba. Asodzi amapinda njedza zoyandama, kuziunjika, n'kuikapo dothi la pamoto, amagonapo akamapha nsomba. Chikakalamba amachisiya, ndipo mphepo ikafuna imachitenga. Mwana aliyense wa ku Kachulu amadziwa. Koma ife a ku mtunda, ife a khasu, pansi timati pansi.

Chinthucho chinali chitakatsamira pamadzi osaya, gombe likuoneka pafupi mbali inayo. Agogo anu anati akatenge bwato la atsibweni, ife tidikire. Koma choyamba anazula tenti, kuipinda mosamala, n'kuisenza pamutu pamwamba pa chipewa.

"Mukupita nayo kuti?"

"Inganyowe."

"Nanga ana?"

"Ana ali ndi inu."

Anapita, madzi m'mawondo, nyumba pamutu. Sanapite patali, chilumba chathu chinayamba kumasuka. Madzi anatulukira pamphasa, moto unazima, njedza zikupatukana pansi pa mapazi anga. Ndinati ayi, sindifera pa udzu. Ndinasenza dengu, Esinati kumsana, Yohane padzanja, ulendo kugombe.

Madzi sanali ambiri, koma matope! Ana opepuka amangodutsa pamwamba, Yohane ankalumpha ngati chule. Koma ine, ndi dengu, ndi mwana kumsana, ndinaponda pena pake, mwendo n'kulowa mpaka m'ntchafu. Ndikakoka uwu, winawo unkalowa. Dengu linapendeka, mphika wa amayi anga unagwa, thibu! Ndinaona kuti ndi kulemeraku sindituluka. Ndinamasula Esinati, n'kumukhazika pa chitsa cha njedza chimene chinali pafupi, madzi akumulekeza m'mimba. "Yohane, gwira mlongo wako! Usamusiye!" Ndinawerama, manja onse m'matope, kukoka mwendo, kufufuza mphika, ndikutukwana Halale, ndikutukwana mzungu amene sindinamuonepo, ndikutukwana chipewa.

Mwendo unatuluka. Ndinadzuka. Yohane ali uko akuthamangitsa timatemba ndi manja. Pa chitsa paja palibe munthu.

Ana inu, sindikufunirani mphindi ngati imeneyo. Dziko linada. Ndiye ndinamva kamawu kaukali kumbuyo kwanga: "Changa! Changa!"

Kachikho kanali katamupulumuka, kamphepo kakukayendetsa pamadzi pang'onopang'ono. Ndipo pambuyo pake, madzi akulekeza pachifuwa, manja ali m'mwamba, nkhope itakwinyika ndi mkwiyo, Esinati. Ataima. Phazi ili, phazi ilo. Phazi ili, phazi ilo. Madzi ankamugwira m'mbali ngati manja a munthu, ndipo timiyendo tija ta mapesi tinkayenda, tinkayenda, tinkayenda! Anakagwira, n'kukakumbatira, n'kukakalipira.

Nthungululu imene ndinaimba tsiku limenelo inadzutsa mbalame zonse za m'njedza. Agogo anu anaimva ali kutali, anaganiza kuti kwagwa tsoka. Anaponya tenti m'madzi n'kubwera akuthamanga, akugwa, akudzuka. Chipewa chinapita ndi mwera. Ndikhulupirira chinakafika kwa Apwitikizi, kwa makolo ake a mwini wake.

Koma musawombe m'manja msanga. Titafika pagombe ndinamuimika pamchenga: phwa! pansi. Ndinamuimikanso: phwa! Tinabwerera kuno ndi tenti yonyowa yonunkha matope, opanda mphika, thupi lonse zotupa za udzudzu, ndi nkhani imene palibe anaikhulupirira. Apongozi atamva anaseka. "Kuyenda m'madzi? Ndiye mwabereka bakha. Ife tikufuna wa pamtunda." Agogo anu anati, "Ndinaona ndi maso, amayi," koma ananena motsitsa, akuyang'ana zala za kumapazi.

Ndiye ine m'mawa uliwonse, anzanga akupita kudimba, ndinkabereka Esinati kupita padziwe la kukhwawa kuja mumasambirako. Ndinkamulanda kachikho, n'kukaponya pamadzi. Ankalira, ankandimenya, n'kukatsatira. Poyamba pozama, kenako madzi a m'chiuno, kenako a m'mawondo. Amayi a kuchitsime ankati ine Nachisale ndapenga, ndikuzunza mwana wolumala. Ndinkangoimba:

Phazi ili, phazi ilo,
tenga chako, mwana wanga, tenga chako.

Koma pabwalo pouma, ayi. Ankakana. Ankakhala pansi n'kukhwekhwereza monga kale. Mwezi unaoneka, ndipo ine tulo tinatha.

Tsiku la ankhoswe linafika. Anakhala pansi pa mtengo wa mango uwo, unali waung'ono nthawi imeneyo. Amalume anga mbali iyi, ankhoswe a kuchimuna mbali iyo, apongozi pamphasa, agogo anu pakampando akuyang'ana pansi, mutu wopanda chipewa. Ine ndinali nditaphika thobwa, poti alendo ndi alendo ngakhale abwere kudzakuweruza. Feliya ndiye ankagawa. Zikho zinachepa. Mwana uja, osaganiza, anatola kachikho ka Esinati pakhonde, kukatsuka, kuthiramo thobwa, n'kugwada kupereka kwa apongozi.

Apongozi anali atayamba kale. "Ine sindinena zambiri. Mwanayo ndi uyo, nonse mukumuona. Mvula zitatu..." Anakweza kachikho kupita nako kukamwa.

"Changa!"

Tonse tinatembenuka. Esinati anali pakhonde atagwira mzati. Anadzikoka, n'kuima. Anasiya mzati. Panalibe madzi omugwira, ana inu, panali fumbi lokha ndi nkhuku. Anadzandira, ine ndinafuna kudzuka, amayi anga anandikanikiza paphewa. Phazi ili. Phazi ilo. Anadutsa pamtondo, anadutsa pakati pa ankhoswe, nkhope ili yomweija ya ku Chilwa. Anafika pamphasa, n'kutsomphola kachikho m'manja mwa agogo ake, thobwa lonse khuthu! pa chilundu chawo chatsopano.

Apongozi anayang'ana chilundu, anayang'ana mwana. Kenako anati, "Ukali uwu ndi wa kwathu." Anamukoka, n'kumuika pamiyendo, thobwa lili chonchobe. Amalume anga anafunsa kuti, "Kodi nkhani tinabwerera ija ndi iti?" Mlandu unathera pomwepo.

Ndipo agogo anu, mukudziwa chimene ananena? Anadzutsa mutu, anakonza kolala, n'kuti, "Kodi ulendo wa kunyanja uja anauyambitsa ndani?" Ananena tsiku limenelo, ananena pa ukwati wa Esinati, ananena ali ndi imvi tikufolera nkhokwe ndi tenti yomweyo, poti ntchito imene inaipeza ndi imeneyo. Ngakhale masiku awo omaliza, ali gone m'chipinda umo, anandikodola kuti ndiwerame. Ndinkati andiuza mawu a nzeru. "Amake Yohane, ulendo uja anauyambitsa ndani?" Munthu ameneyo! Mpaka lero ndikamukumbukira ndimafuna kumugenda ndi mthiko, kenako ndimapeza maso anyowa.

Koma tsiku lija sindinawayankhe, nthawi ndinalibe. Ndinali pakati pa bwalo, nsalu m'chiuno, fumbi likukwera. Feliya anathamanganso, ulendo uno kuzungulira mudzi wonse, ndipo anthu anabwera, anabwera, anabwera. Anabwera a Nasimango amene ankati ndapenga, anabwera ndi nkhuku. Anabwera a Dolesi ndi amuna awo a Witinesi, anabwera a Nangozo a kuchitsime, madzi ali pamutu. Anabwera a Belita azamba amene anadula mchombo wa mwanayo, anabwera a Simoni ogogoda belu la kutchalitchi, anabwera a Jailosi ndi ng'oma yawo yong'ambika. Anabwera a Mele ndi mapasa awo, a Fanesi, a Edina, a Layina a ku Madziabango amene anangodutsa pamsewu n'kumva phokoso. Anavina amalume anga a Bizaliyele, anavina amayi anga a Nankhoma, anavina Yohane, anavina Feliya, anavina a Lifeyo opanda chipewa. Anavina apongozi anga a Elube, chilundu chili thobwa lokhalokha. Ndipo pakati pathu tonse, chikho m'manja, phazi ili, phazi ilo, Esinati.